Kabokosi Kamene Ndinamuodera Mervin

Anzanga, Mervin ndinakumana naye pa baby shower ku Speedway. Ndinali nditangoyamba kumene ntchito yosamalira okalamba ku nursing home ya ku South Bend kuno ku America, ndilibe mnzanga olo mmodzi. Anthu ankavina, ine ndili phee pakona.

Anabwera kudzakhala pafupi nane, n'kutulutsa ma coin awiri a siliva m'thumba.

"Ndinu a Tusekele eti? Tandiuzani, yodula ndi iti apa?"

"Zofananatu izi."

"Siliva wake ndi wofanana, one ounce. Koma iyi anapanga zambirimbiri, iyi anapanga zochepa. Zikachepa, ma collector amalimbirana, mtengo umakwera."

Ndinaseka. Kanali koyamba kuseka chitsikireni ndege.

Anayamba kumandiimbira ndikaweruka. Weekend ankayendetsa galimoto kuchoka ku Indianapolis kudzandiona, snow kaya ayi. Nyumba yanga inasiya kuzizira.

Tsiku lina anati, "Babe, kukutuluka coin ina, apanga zochepa kwambiri. Koma amalola imodzi basi pa adiresi iliyonse. Undiodere pa yako. Imeneyo ndi yathu, ya tsogolo lathu."

Tsogolo lathu! Anzanga, mawu amenewo...

Tsiku logulitsalo ndinapempha break, ndinakabisala ku laundry room ndi foni yanga. Website ikufreeza, ine ndikupemphera. Inatheka!

Kenako anazolowera. Ikamatuluka ina, "Babe, usaiwale." Ine osaiwala.

Kabokosi ka coin yomaliza katafika, iye anali ndi tebulo logulitsira pa coin show ku downtown ya Indianapolis. Ndinati ndimupange surprise. Ndinasinthana shift ndi mnzanga, ndinamanga tsitsi, ulendo.

Ndikuyandikira tebulo lake, mtsikana wina wovala ma scrubs a ku chipatala anandidutsa n'kulunjika kwa Mervin, kabokosi ngati kanga kali m'manja.

"Babe, yathu ija yafika!"

Anandiona, anaona kabokosi kanga. Anasiya kumwetulira.

"Pepani, ndine Vainess wa ku Beech Grove. Nanunso anakuuzani za tsogolo?"

Mervin anangoti, "Tuse, usapange scene. Ndi business iyi. Adiresi imodzi siikwana."

Pa tebulopo panali ma coin amtundu womwewo, ndandanda, mitengo itamatidwa kale. Sindinafune kudziwa kuti tinalipo angati.

Sindinakuwe. Ndinatembenuka, kabokosi kanga kali kukhwapa.

Njira yonse yobwerera ku South Bend foni inali zii. Nditafika pa parking inalira. Anali Mervin, ndinkati mwina akupepesa.

"Tuse, coin ija usaitsegule, ikakandika mtengo utsika. Nditumizire Monday."

Basi. Sanafunse olo ngati ndafika bwino.

Ndinakhala m'galimotomo, injini nditazimitsa, mpaka mawindo anachita nthunzi. Ndinkafuna kuimbira munthu ndimufotokozere. Ndinafufuza mu foni monse, anzanga.

Munthu yekhayo amene ndinkamuimbira zinthu zikandivuta ku America kuno anali iye.