Madengu a Ababa M'bokosi la Pansi

Ndikukumbukira tsiku lomwe ababa anandijombetsa kusukulu, ndili Sitandade 7, kuti ndikawawerengere Chingerezi ku ofesi ya esiteti. Ababa ankaluka madengu othyolera tiyi, obereka kumsana aja. Kwathu ku Khwethemule panalibe wosawadziwa. Dengu lawo silinali longotola ayi. Mayi wothyola ankabwera pakhomo, ababa n'kumuyeza msana ndi chikhatho kuchokera paphewa mpaka m'chiuno, kenako n'kusankha nsungwi. Wamfupi lake, wamtali lake. Mvula ikayandikira esiteti inkagula madenguwo, ndipo banja lonse tinkadyera pomwepo.

Chaka chimenecho kunabwera bwana watsopano wogula katundu, wa ku Limbe, tayi pakhosi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anaitanitsa onse ogulitsa zinthu ku esiteti. Tinakhala pamabenchi, fungo la tiyi wofota likulowa pawindo kuchokera kufakitale. Iye anajambula mabokosi anayi pabolodi. M'bokosi la pamwamba analembamo a feteleza ndi a dizilo, ati amenewo akakwiya fakitale imaima. Ena anawagawa m'mabokosi awiri enawo. M'bokosi la pansi penipeni munalowa matsache, makolopa ndi madengu.

Ababa anandigunda ndi chigongono. "Esinati, akuti chiyani pamenepo?"

Mwana uwauze bwanji abambo ako zoterozo? "Akuti a m'bokosi ili alibe mphamvu. Katundu wawo amapezeka paliponse, ndiye ofesi isamatayirepo nthawi."

Ababa anavula chipewa n'kuimirira. "Bwana, nanga othyolawo ali m'bokosi liti? Pajatu dengu amabereka ndi iwo."

Bwana anamwetulira. Sanali munthu wankhanza ayi, ndipo mpaka lero zimenezo zimandiwawa kwambiri. "Madala, iwowo si ogulitsa. Nkhani zawo ndi za ofesi ina." Basi, anapitiriza.

Mwezi usanathe lole inatsitsa madengu apulasitiki, onse msinkhu umodzi, malamba ake ouma gwa. Ababa anapita katatu kukaonana ndi bwana, katatu konse mlonda anawabweza pageti, ati a m'bokosi la pansi azilemba kalata. Kalatayo ndinalemba ine, papepala lomwe ndinang'amba m'kope langa la masamu. Yankho ndikudikirabe.

Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi tinapeza a Fanny, mkazi wa amalume yemwe ankathyola tiyi, atakhala pakhonde ndi dengu la pulasitiki lija. Anatsitsa bulauzi paphewa. Mayo ine! Khungu linali litasupuka, ntchentche zikuzungulira. Dengu linkawagunda m'chiuno akamatsika phiri, masamba sankakwana pasikelo, ndipo akapitawo anali atawaopseza kale kuti awachotsa ntchito. Ababa anatenga mpeni, anasuntha malamba, n'kuwakulunga ndi makungwa ouma a nthochi, kumsana n'kulukirako kachidutswa ka nsungwi. Lamulungu lotsatira anabwera othyola asanu. Kenako pakhomo pathu pankachita kudzaza, ndipo ababa sankalandira kanthu, mwina wina akabwera ndi kachinangwa basi.

Amayi zinawakwana. "Inu abambo a Esinati, mutu wanu ukuyenda? Anthu akutayani, inu mukuwakonzeranso katundu wawo? Asiyeni azione okha!"

Ababa anayankha m'Chilomwe, motsitsa mawu, kuti chilonda chili paphewa la mlamu wawo, bwana sakuchimva. Anapitiriza kuluka.

Amayi ankanena zoona. Zilonda zinapola, masamba anayambanso kukwana pasikelo, ndipo ku ofesi sikunafike dandaulo ngakhale limodzi. Bwana anayamikiridwa kuti wapeza madengu otchipa opanda vuto lililonse, anakwezedwa n'kusamukira kutauni. Mabokosi ake anaoneka olondola chifukwa ababa ankawasokerera zigamba Lamulungu lililonse, iye osadziwa n'komwe. Esiteti sinagulenso dengu la nsungwi mpaka kalekale. Ababa anayesa kugulitsa pamsewu ku Masambanjati, koma ndani angagule dengu lobereka kumsana ngati sathyola tiyi? Anatsirizira kupalira m'minda ya esiteti yomweyo ngati waganyu, mawondo akutupa, mpaka tinawaika m'manda.

Ndinakula ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo unandikankha mpaka kukoleji, komwe ndinaphunzira ntchito yogula katundu yomweyo. Kumeneko ndinawapeza mabokosi aja m'buku, mayeso ake ndinakhoza bwino. Tsopano ndikumvetsa kuti mabokosiwo amakuuza amene angakupweteke iwe, sakuuza amene iwe ukumupweteka. Munthu amene sagula kapena kugulitsa, koma katunduyo amamugwira pathupi, alibemo malo. Ndipo a pansi akapirira mwakachetechete, pepala limanena kuti zonse zili bwino.

Ndikanakonda kunena kuti ine ndimachita mosiyana. Mwezi watha, pakampani yomwe ndimagwira ntchito, ndinaika m'bokosi la pansi mayi wina wa ku Chimaliro amene wakhala akutisokera maovololo. Tapeza otchipa kwina. Lachiwiri anabwera pageti, mlonda n'kundiimbira foni. Ndinati ndili kumiting'i, alembe kalata.