Woyesa Laisensi Amene Ndinamudwalitsa

Pa fulati yathu ku Umbilo, mlaliki wa kulimba mtima ndinali ine. Nditawerenga timabuku tolimbitsa mtima togula pamsewu, aliyense wokanidwa ntchito ndinkamuuza kuti, "Usalire, mawa ukayesenso!"

Tsiku la mayeso anga a laisensi, pobweza galimoto m'mbuyo ndinagwetsa chitsulo chosonyeza malire, injini n'kuzima. Ndinakakhala pabenchi n'kulira ngati mwana, mamina ndikupukutira kamodzi mwa timabuku tija.

Madzulo Yusufu, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, anafunsa, "Zayenda bwanji, aphunzitsi?"

"Eish, sitinayesedwe. Woyesa wadwala," ndinanama.

"Nanga maso afiira bwanji?"

"Chisoni, achimwene. Ndi bambo wabwino."

Yusufu anatambasula manja n'kuyamba kumupempherera munthu wabwinobwinoyo kuti achire msanga. Ine, wopanda manyazi, ndinavomera mokweza kuti, "Amina!"