Anajambula Khoma Lokha

Lachitatu, mu Febuluwale, ku Muloza

Ndadzuka mtima uli m'malo lero, ngakhale tinagona pamphasa kwa aneba. Dzana khoma lakumbuyo la nyumba imene timachita lendi linagwa ndi mvula, n'kuphwanya makina osokera a amayi. Makinawo ndiwo amatidyetsa, ndiwonso andifikitsa Folomu 3. Koma eni nyumba anatiuza kuti nyumbayo ili pa inshuwalansi, ndipo munthu wa ku ofesi abwera kudzaona.

Amayi anaganiza kuti zikhala ngati kalembera wa nthawi ya madzi osefukira, uja amalemba aliyense amene wataya kanthu. Inenso ndinaganiza chomwecho, moti kusukulu sindinapite. Tinayala zonse pabwalo: matiresi onyowa, wailesi, nsalu za makasitomala zili matope okhaokha, makina pakati penipeni. Ndinalemba katunduyo papepala m'Chingerezi, ndi zilembo zokongola zija ndimasungira mayeso.

Bambo wa ku ofesiyo anafika panjinga yamoto. Analumpha matiresi athu n'kukajambula khoma. Kenako denga. Kenako khoma lomwelo kachiwiri.

"Achimwene, katundu ali kuno," anatero amayi.

"Aa, pepani mayi, ine ndimayesa mwatsegula kaunjika!"

Anaseka yekha. Ndinagwada n'kumupatsa pepala langa, ndipo analiwerenga mpaka pansi.

"Chingerezi ndiye ukuchitha, mwanawe. Koma inshuwalansi ya eni nyumbawa ndi ya njerwa ndi malata. Zam'kati ndi za mwini wake."

"Nanga khoma laphwanya makina angali ndi la ndani?" anafunsa amayi.

Eni nyumba anayang'ana kuphiri ngati pali chachilendo. "Mvula sindinaitume ine, mayi," anatero.

Manyazi anandigwira chifukwa aneba onse anali ataima m'mbali, akuona matiresi athu ong'ambika. Komabe bamboyo akuliza njinga ndinamuthamangira.

"Bambo, kodi wa lendi angalembetse katundu wake payekha?"

"Zimatheka. Amayi ako akanalembetsa, bwenzi lero ndikujambula makinawa. Kungoti kuno palibe amene amafunsa."

Masana kunabwera azakhali a ku Milange. Ati atibwereka makina awo akale kuti amayi asataye makasitomala. Amayi anathokoza, koma azakhali atapita anandiuza kuti akuopa: eni nyumba adzamanga khoma ndi njerwa zomwe zija, ndipo mvula ikadalipo. Makina obwerekawo akaphwanyika, adzawayang'ana bwanji mlamu wawo? Nditatchula za kulembetsa anati, "Za anthu a m'tauni zimenezo, iwe."

Mwina akunena zoona. Mwina n'zodula moti sitingazithe. Koma sindikufuna kuzimva kwa munthu amene wakwera kale njinga.

Mawa ndikaweruka ndikwera minibasi kupita ku boma, yunifolomu ili m'thupi, pepala langa m'chikwama. Ndikafunsa ofesi ndi ofesi mpaka wina andikhazike pampando n'kundifotokozera. Ndawauza amayi kuti makina a azakhali ayambe adikira ku Milange mpaka ndibwere ndi yankho.