Thobwa la Abiti Juma Lilibe Mlandu

Ndinena mokweza kuti a ku Ntaja nonse mumve: thobwa la akazi anga, abiti Juma, silinanditsegule m'mimba. Ndinanama ine.

Ng'ombe yanga itatupa bere, ndinkaisungunulira makapusozi a pamsika, omwewo amene ndimamwa chifuwa chikandivuta. Mkaka wake ndinkaumwera kukhola komweko, wosawiritsa, akazi anga osadziwa. Mwamuna wokulira kubusa ngati ine ndiziopa mkaka?

Tsono m'mimba munandipota koopsa. Ndinameza makapusozi aja, koma sanaphule kanthu. Kuchipatala adokotala anandifunsa, abiti Juma ali pomwepo: "Agogo, simunamwe mkaka wosawiritsa?"

"Iyayi! Ndi thobwa la awa."

Mayiwa anangoyang'ana pansi. Mbiri inawanda m'mudzi, ndipo pa sadaka ya amalume awo anawachotsa pophika thobwa, akuti azikatsuka mbale.

Adokotala akuti tizilombo tinazolowera mankhwala chifukwa cha makapusozi omwa mwachisawawa. Kuzolowera? Tizilomboto tinapita sukulu iti? Zimenezo tidzakanganabe, ndipo ng'ombe yanga musaitukwane. Koma amayi a pa sadaka, abiti Juma abwezereni mthiko wawo. Mbalezo ndidzatsuka ndine, masana, nonsenu mukuona.