Anandiyendetsa masana kukaloza nyumba yake

Lachiwiri mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu ali ndi mabulosi m'manja. Ofiira aja amagulitsa kuphiri kwa alendo. Kuno ku Zakazaka palibe amene amapatsa mwana zimenezo ulere. Ndinamufunsa, wakupatsa ndani? Akuti, "Amalume ena pamlatho. Anandifunsa ngati ndine mwana wanu. Akuti ndikupatseni moni, komanso akuti dzanja lapola?"

Sindinakuwe. Ndinangokhala pansi pakhomo pomwepo.

Amayi anzanga a m'gulu lino, ndikulemba pa foni ya achemwali anga, yanga inapita. Maina sindilemba. Ingowerengani.

Mwezi watha ndinakwera kuphiri kukatola nkhuni, njira ya ku Mulunguzi. Anzanga anatsogola, ine ndinatsalira kumanga mtolo. Bambo wina anatulukira m'mapaini ndi chikwanje. Ananditema padzanja n'kulanda foni. Nkhope ndinaiona bwinobwino. Ndimamudziwa. Amacheka matabwa, amakhala kumtunda kwathu konkuno.

Kuchipatala anandisoka. M'mawa mwake ndinapita kupolisi, kuchipinda chomwe amati n'chothandizira ochitiridwa nkhanza. Pachitseko anamata chipepala chachikulu. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi koma ndinawerenga ndithu. Ufulu wosungiridwa chinsinsi. Ufulu wotetezedwa. Ufulu wouzidwa mmene mlandu ukuyendera.

Ndinafika 8 koloko, anandiitana cha m'ma 11. Mukuganiza kuti mayi wapadesiki anayamba wafunsa za dzanja? Ayi. Akuti, "Chiphaso chotolera nkhuni munadula?" Ndinati tsiku limenelo ndinalibe ndalama. Akuti ndiye kuti nanunso muli ndi wanu mlandu, tangokumverani chisoni.

Kenako akuti galimoto ilibe mafuta, muyende ndi bwanawa wapansi mukawalozere nyumba. Ndinapempha. Ndinati bwana, ndingokufotokozerani, ili kuseri kwa chigayo, chitseko chobiriwira, pakhomo pali matabwa. Wapolisi wamwamunayo anaseka. "Mayi, ife si alosi. Mukufuna timugwire kapena ayi?"

Ndiye ndinayenda. Dzuwa lili paliwombo, ine patsogolo ndi bandeji langa loyera, wayunifolomu pambuyo. Azimayi pampopi anasiya kutunga. Anyamata a kabaza anaima. Ana kutitsatira ngati kukubwera gule. Tinamupeza ali pakhonde akudya nzimbe. Wapolisi anafunsa mokweza, "Ndi ameneyu?" Ndinakweza dzanja lomwe lija analitema. Bamboyo sanayang'ane wapolisi ayi. Ankayang'ana ine.

Chinsinsi cha pachitseko chija n'chimenechi eti?

Bamboyo anamumanga. Ine apolisi anandiuza kuti pitani, mudzamva kwa ife. Sindinamve kanthu. Kuti anatuluka ndinamvera kwa mwana wanga wa sitandade 2.

Lachiwiri lomwelo ndinathamangira kuofesi kuja, wamng'ono kumsana, wamkulu ndamugwira padzanja. Mayi yemwe uja akuti bamboyo anatuluka pa belo, ndi ufulu wake. Ndinati nanga bwanji simunandiuze? Akuti foni yanu siikupezeka. Foni yomwe analanda iyeyo! Munalemba nokha m'buku lanu kuti analanda! Kwathu mumakudziwa, munadutsa pakhomo panga tsiku lija.

Ndinafotokoza za pamlatho. Akuti, "Wamumenya mwanayo?" Ayi. "Wamutukwana?" Ayi. "Ndiye kupatsa mwana zipatso ndi mlandu? Akachita kanthu mubwere." Ndinafunsa kuti kanthu kake kati, bwana? Ndibwere nditanyamula chiyani? Akuti amene akuyendetsa nkhani yanga kulibe, ali kumsonkhano wa ufulu wa ochitiridwa nkhanza, ndidzayesenso sabata yamawa.

Ndinatuluka. Mkwiyo ndinalibe, kaya unapita kuti. Mpaka pano thupi langoti zii.

Panja pabenchi panali mayi ena achikulire, achisilamu, ovala mpango woyera. Ndingowatchula kuti Abiti. Amagulitsa mpunga mumsika, koma masiku ena amasiya malonda awo n'kumaperekeza azimayi kupolisi ndi kukhoti. Palibe amawalipira. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanangu, ana awa adya?" Munthu woyamba kufunsa za ana anga. Anawagulira zitumbuwa. Nditawafotokozera zonse, anandigwira pamkono n'kubwerera nane m'kati.

Abiti sakuwa. Anangoima pamaso pa mayi uja n'kunena kuti, "Achemwali, belo imakhala ndi malamulo ake. Munthu saloledwa kuyandikira mboni. Lembani zomwe wanena mwanayu, ine ndiima pompano mpaka cholembera chigwire ntchito." Mayi uja anati inu Abiti mumavuta. Iwo akuti, "Eya, ndinabadwa choncho. Lembani." Analemba. Abiti akuti tsiku la khoti adzakhala pambali panga, ndipo nkhani ya pamlatho akainena kwa woimira boma pamlandu. Mulungu awasunge mayi amenewa.

Koma kulemba sikutseka njira ya kusukulu. Bamboyo akadali kumtunda, ndamuona dzulo pachigayo.

Inu akuluakulu a maofesi amenewa, ndiyankheni. Ndani analamula kuti wovulala aziyenda patsogolo kukaloza? Munthu akamatuluka, kutuma wina kudzandiuza kumafunanso mafuta? Ndipo inu amayi anzanga, zikakuonekerani musakalowe m'chipinda chija nokha. Pezani munthu ngati Abiti. Apolisi akati tiyeni mukaloze, kanani.

Ana anga ndawachotsa. Bambo awo ali ku Joni, sindikanadikira. Abiti anandipezera banja lina, komwe ali sindinena. Wamkulu wasiya kaye sukulu. Ndinawakhazika pansi onse awiri n'kuwaphunzitsa kuti munthu akakufunsani mayi anu ndani, muzitchula mayi a nyumba imeneyo. Mukandiona panjira musandithamangire. Tinabwereza kangapo mpaka anagwira.

Lero ndinadutsa chapatali kuti ndingowaona. Wamng'ono, wa zaka zinayi, amasewera pamchenga. Anadzutsa mutu, anandiona. Sanandiitane.