Phulusa la M'thumba mwa a Damiano

Mukadzafika kumidzi ya kumtunda kwa Bembeke mvula yoyamba itangogwa, mudzaona munthu ataima yekha m'nkhungu, sipuleya ili kumsana, akuwaza phulusa m'mwamba n'kumaliyang'ana ngati limuyankha. Musathawe, mutu wawo ndi wabwinobwino. Ndi a Damiano amenewo, opopera mankhwala opha udzu m'minda ya anthu, amenenso amaimba besi mu kwaya.

A Damiano ndi munthu wolota ali maso. Kuno anabwera kudzakwatira a Jesinta, ndipo munda umene amalima ndi wa kuchikazi, chinthu chimene amachikumbukira pokhapokha akalakwa. Sipuleya anaigula chifukwa cha msana wa akazi awo. Ankati akatseka maso amaona chimanga chikumera m'munda wopanda udzu, a Jesinta atakhala pamkeka, khasu likuchita dzimbiri kuseri kwa nkhokwe.

Pakona pa mundawo pali chulu, ndipo pachulupo a Jesinta ankabzala maungu a malemu mayi awo, aja a khosi lalitali, otsekemera ngati mwathira shuga. Nthanga zake ankasunga m'kabotolo patsindwi. Chaka china mbewa zinawononga maungu ambiri, ndiye nthanga zinatsala zodzaza dzanja limodzi basi. Anabzala zonse, zinamera, timasamba tiwiritiwiri.

Tsiku lopopera, chimanga chisanamere, a Jesinta anawauza kawiri kuti chulu achilambalale. Anachilambalaladi, zimenezo tisawanamizire. Koma anachedwa kuyamba chifukwa choyang'ana nkhungu ikutsika Phiri la Dedza ngati nkhosa zopita kukamwa madzi, ndipo mmene amafika pakona dzuwa linali litakwera, kamphepo katadzuka. Iwo anali pakati pa nyimbo ya Khirisimasi, sanakamve. Utsi wa mankhwala unkauluka pang'onopang'ono, wowala bwino padzuwa, kulowera kuchulu.

Mankhwala amenewa sapsa mtima msanga. Masiku anayi maungu anali obiriwira, a Damiano n'kumadzitama pamsika kuti dzanja lawo ndi la dokotala. Sabata itatha timasamba tinachita chikasu, kenako tinagona pansi.

Amayi a kuchitsime, amene ndimawakhulupirira kuposa wailesi, akuti a Jesinta sanakalipe. Anangotsitsa kabotolo kopanda kanthu kaja n'kukaika patebulo, pamalo pamene amuna awo amamwera tiyi. M'mawa kali pomwepo, madzulo kali pomwepo. A Damiano anayenda mudzi wonse mpaka ku Mayani kufunsa nthanga za khosi lalitali. Aliyense ankati maunguwo anadyapo, koma kusunga mbewu ankasiyira a Jesinta.

Lamlungu lotsatira, ali pakati pa Misa, anapisa m'thumba la jekete kufuna mpango, zala n'kukhudza tinthu touma. Akuti besi inazima pomwepo. Zinali nthanga zisanu ndi ziwiri zimene iwo eni anaba m'kabotolo miyezi iwiri m'mbuyomo kuti akakazinge, n'kuiwala, monga amaiwalira zonse.

Apa panali povuta. Kuzionetsa kunali kudziulula kuti ndi mbewa ya miyendo iwiri. Anayenda nazo njira yonse yobwerera, akulankhula okha. Atafika anaziika m'kabotolo muja, imodziimodzi, akazi awo akuyang'ana.

"Mwazitenga kuti, abambo a Gracious?"

"M'jekete."

"Jekete imabala nthanga masiku ano?"

"Ndimafuna kukazinga," anatero a Damiano, maso ali pansi.

A Jesinta anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Anati m'zaka makumi atatu za ukwati aka kanali koyamba kuti kuiwala kwa amuna awo kubweretse kanthu pakhomo.

Pachulu pomwepo sanafune kubzalanso chaka chimenecho, mtima sunawalole. Anabzala kuseri kwa khola la mbuzi, kumene sipuleya sifika. Zinamera zinayi, ndipo pofika Epulo panagona maungu asanu ndi limodzi, makosi atapinda ngati akumvetsera miseche.

Kuyambira pamenepo a Damiano sapopera asanafunse mphepo: amatapa phulusa m'thumba n'kuliwaza m'mwamba. Phulusa likagwa pamapazi awo, amavala majombo, kansalu kumphuno, n'kuyamba. Likangopatuka pang'ono, amabwerera kunyumba, mwini munda adandaule bwanji. Mitambo ikalemera sapoperanso, amati mvula ingakokolere mankhwala kudimba. Sipuleya amatsukira kutali ndi chitsime, ndipo botolo likatha amaliboola ndi msomali kuti wina asasungiremo mafuta ophikira.

Kuzungulira chulu, mizere khumi amapalira ndi khasu, iwo eni, pang'onopang'ono, akuima kawirikawiri kuyang'ana mitambo. Kabotolo kanabwerera patsindwi, kodzaza. Koma ndamva kuti chaka chilichonse a Jesinta amatapa nthanga zingapo n'kuziika okha m'thumba la jekete ija, osawauza.