Masokosi Oyera M'manja mwa Mwana Wanga

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, ndikulemberani izi kuti muphunzirepo. Wolakwa ndinali ine. Ndinasiyira TV ntchito yolera ana anga pamene ine ndinali pamsika wa Chelstone kugulitsa masamba a repu ndi matimati, ndipo panangotsala pang'ono kuti mwana wanga wamkazi ataye diso.

Zinayamba ndi masokosi. Lamlungu lina m'mawa bambo a ana anafunafuna masokosi awo oyera opitira kutchalitchi, osawapeza. Ndinakawapeza ndine kuseri kwa nyumba, ali m'manja mwa Limbikani, mwana wathu woyamba, wa zaka zisanu ndi zinayi. Anali atawavala ngati magolovesi, atakhala pa ndowa yovundikira, mwendo pamwamba pa unzake, chibwano m'mwamba ngati bwana wa ku Kabulonga, kumene kumakhala anthu olemera. Ndinaseka mpaka misozi, ndinamusisita pamutu, n'kumulanda masokosiwo. Basi, osafunsa kanthu.

Masiku amenewo mlamu wanga anali atatiikira mafilimu pa kafulashi, kachipangizo kolowetsa ku TV, ndipo panali imodzi imene Limbikani ankaibwereza tsiku ndi tsiku akaweruka kusukulu. Ine sukulu ndinalekezera giredi seveni, Chingelezi cha m'mafilimu chimandithamangira. Ndikasuzumira n'kuona ndege zowala zikuuluka pakati pa nyenyezi, ndinkati ndi zidole za ana. Ndinkakondwa ndithu, poti mwana ali m'nyumba ndi mlongo wake Thoko, wa zaka zinayi, sakupita kumsewu waukulu kumene maminibasi amathamanga ngati amisala.

Kenaka pochapa ndinayamba kupeza mapepala a maswiti m'matumba mwake, kabudula ali mafuta a zitumbuwa okhaokha. Pansi pa bedi panali galimoto zamawaya zosakhala zake, ndi mpira wa mwana wina. Nditamufunsa anangoti, "Ananipasa chabe, amama." Ndinakhulupirira, chifukwa mwana wanga ndi wokondeka, aliyense amamukonda. Machubu akale a matayala amene bambo ake amabweretsa kuchokera kuntchito ku Heavy Industrial Area, amene ndimadula kuti ndizimangira katundu wanga, nawonso ankatha msanga. Ndinaona zonsezi ndi maso angawa, koma sindinazilumikize.

Lachitatu lina masana ndikuwaza madzi pa repu, ndinaona Bana Mwape, ndiye kuti amake Mwape, oyandikana nafe nyumba, akuthamanga, chitenje chili m'manja. "Amake Limbi, siyani matimati, bwelani! Thoko bamulasa!" Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji kunyumba. Ndinapeza mwana wanga atakhala pansi pafupi ndi ngalande, nkhope yonse ili magazi, sakulira n'komwe, m'manja atafumbata masokosi aja. Ndinamubereka n'kuthamangira kukiliniki ndikupemphera mokweza ngati wopenga. Anamwino atamusoka anandionetsa ndi chala kuti mwala unaphonya diso pang'onong'ono, unang'amba pansidze.

Madzulo ake Mwape, mwana wa anzanga aja, ndiye anaulula zonse akulira. Ana a mzere wa nyumba zathu anali pankhondo ndi ana a kuseri kwa msika, nkhondo ya malegeni. Wopanga malegeniwo anali Limbikani wanga, ndi machubu anga aja. Ankagulitsa kwa anzake a mzere wathu, n'kuzembera kuseri kukagulitsanso kwa enawo, malipiro ake maswiti, zitumbuwa, galimoto zamawaya. Kuno ankanena kuti aja akuti ndinu akazi, uko ankanena kuti awa akuti amayi anu ndi mfiti. Tsiku lina magulu awiriwo atagwirizana kuti asiye ndewu azisewera mpira, Limbikani anapondaponda galimoto yamawaya ya Mwape mobisa n'kunamizira a kuseri kwa msika, nkhondo n'kuyambiranso. Tsiku la ngozilo iye anali atakwera pakhoma kuonerera. Thoko anaona kuti achimwene ake aiwala masokosi aja, amene anali atawatenganso, ndiye anawathamangira kuti akawapatse, n'kulowa pakati pa miyala.

Bambo ake anavula lamba kuti amukwapule Limbikani. Inenso dzanja linkandiyabwa. Koma Limbikani anatiyang'ana modabwa zenizeni, n'kunena kuti, "Koma ine sinaponye mwala olo umodzi. Manja anga ni oyela." Inu owerenga, mawu amenewo anandiopsa kuposa magazi aja. Sanali kunama, sanali kuchita mwano, ankakhulupirira. Ndinagwira mkono wa bambo ake n'kuwapempha kuti andisiyire mwanayo tsiku limodzi.

M'mawa mwake sindinapite kumsika. Ndinakhala pamphasa n'kumuuza kuti ayatse filimu ija, azindimasulira mawu onse, asadumphe. Anayamba mokondwa, maso akuwala. Munali munthu wina wovala magolovesi oyera, wokhala m'chombo chachikulu kumwamba, pakati pa maiko awiri amene anali pankhondo. Iye sankamenya nkhondo. Ankagulitsa mfuti zolavula moto kwa awa, n'kugulitsanso zazikulu kwa awo. Anthu akapsa, mankhwala a zilonda ankagulitsanso yemweyo, ndipo wopanda cholipira ankamutsekera chitseko. Akuluakulu atatuma nthumwi yokapempha mtendere, iye anaphulitsa chombo cha nthumwiyo n'kuloza chala mbali inayo. Mizinda ikuyaka pansi, iye anali pazenera akudya zipatso, osadetsa magolovesi.

"Mwaona, amama? Onse aja ni opusa. Wochenjela ni uyu, samulasa olo kamodzi."

Ine nzeru za m'mabuku ndilibe. Koma pakona pa chithunzi ndinaona mayi wina akuthawa moto, mwana ali paphewa, mikono ya mwanayo ili lendelende. Ndinamuuza kuti aimitse pomwepo. Ndinafunsa kuti mayi uja dzina lake ndani. Anati sadziwa. Nanga mwanayo akupuma? Sadziwa. Akuthamangira naye kuti, kuli kiliniki kumeneko? Anati zimenezo saonetsa, amenewo ndi anthu chabe. Ndinati, "Dzulo mayi ameneyo ndinali ine, Limbi."

Nthawi yomweyo Thoko anadzuka, bandeji ili pamphumi, diso litatupa. Anabwera monga mwa masiku onse n'kudzikhazika pamiyendo pa mchimwene wake, n'kumuika chala pamphuno kuti aseke. Limbikani anayang'ana mwana wa pa TV uja, n'kuyang'ananso bandeji. Analira kulira kumene sanalirepo chibadwire, atamukumbatira mlongo wake, mpaka Thoko anadandaula kuti akumufinya.

Filimuyo tinaimaliza. Ndinkayembekeza kuti munthu woipayo afa imfa yowawa, mwana wanga aphunzirepo. Sanafe. Anathawa ndi chombo chake, chuma chili tho, kukasaka nkhondo ina. Pamenepo ndinazindikira kuti TV sidzamaliza ntchito yanga.

Amayi anzanga, mwana akakhala chete m'nyumba musamati ali bwino. Khalani naye pansi, muone chimene akuona, ngakhale chilankhulo chikuthamangireni. Mufunseni kuti m'nkhaniyo akukonda ndani, chifukwa ine ndinkaganiza kuti mwana aliyense amatsata munthu wabwino, osadziwa kuti wanga anasankha amene salasidwa. Ndipo akabwera ndi chinthu chimene simunamugulire, musalekere pa yankho loyamba ngati ine.

Loweruka ndinatenga thumba la ufa lopanda kanthu, ndinamugwira Limbikani dzanja, tinayenda khomo ndi khomo, mzere wathu wonse mpaka kuseri kwa msika. Paliponse ankabweza chimene analandira ngati chinalipo, n'kunena ndi pakamwa pake bodza limene ananena, makolo akumva. Ena anatitukwana, ndipo ndinangowerama. Bana Mwape anatipatsa madzi akumwa. Malegeni onse tinatolera m'thumbamo, ndinawaduladula ndi mpeni wanga wa repu iye akuona. Masokosi aja anachapa yekha, katatu, koma banga la magazi a mlongo wake silinachoke, ndipo bambo ake anati asungidwe choncho.

Tsopano akaweruka kusukulu amadzera kunyumba kwa Bana Mwape kukatenga Thoko, n'kubwera naye kumsika atamugwira dzanja, iye ali mbali ya kumsewu. Amalemba za kusukulu pansi pa tebulo langa, pomwe phazi langa limatha kumukhudza. Filimu timaonera pamodzi Lamlungu masana, iye akumasulira, ine ndikufunsa za anthu a pakona. Masiku ena onse chingwe cha TV ndimachizula m'mawa, n'kuchimanga m'chiuno mkati mwa chitenje, n'kupita nacho kumsika.